Tsiku Limene Ndinagona pa Mimba ya Felesiya

Ndakupatsani moni nonse. Inu akumbuyoko amene mwaika mafoni pantchafu n'kumayang'ana pansi ngati mukupemphera, musavutike kubisa, ndakuonani kale. Ine ndinali katswiri wa zimenezo kuposa inu nonse.

Dzina langa ndi Lusiya, kwathu ndi cha ku Mbulumbuzi konkuno ku Chiradzulu, ndipo ndili m'chaka chomaliza cha unamwino ndi uzamba. Anzanga amene ndinayamba nawo anamaliza, ena ali pantchito. Ine ndinabwereza chaka. Aphunzitsi atandipempha kuti ndilankhule nanu a chaka choyamba, anati ndinene za kasamalidwe ka nthawi. Ndinawayankha kuti zimenezo sindizidziwa bwino. Chimene ndikudziwa ndi mwana mmodzi amene anatsala pang'ono kufera m'mimba mwa mayi ake chifukwa ine ndinagona pantchito. Ndiye ndinena za mwanayo.

Foni yanga yoyamba ya intaneti anandigulira bambo atagulitsa nandolo, poti kuno anati manotsi ndi maphunziro ena azibwera pafoni. Zinalidi choncho. Aphunzitsi ankatumiza mavidiyo a kabadwe ka mwana, kasokedwe ka bala, kabayidwe ka jakisoni. Koma masana netiweki ku hositelo inkachita kukwawa, ndipo bandulo ya masana inkatha usanaone n'komwe nkhope ya mphunzitsi. Nzeru yake aliyense ankaidziwa, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso mwaiphunzira kale: bandulo ya usiku, yotchipa ija, yoyamba anthu atagona. Ndiye tinkakhala maso kuidikira.

Poyamba ndinkadikiradi maphunziro. Vidiyo ya aphunzitsi ikamalowa pang'onopang'ono, ndinkati poyembekezera ndione kamodzi kokha mwa timavidiyo toseketsa tija. Mukutidziwa, kena kakatha kena kamabwera kokha osakaitana. Vidiyo ya aphunzitsi inkamaliza kulowa ine osadziwa, ndili pa ukwati wa anthu a dziko lina amene sindidzakumana nawo mpaka imfa. Kenako pagulu la kalasi wina waponya nkhani, takangana, taseka. Pozimitsa foni atambala akulira. Ndikatseka maso zithunzi zija zinkapitiriza kuyenda m'mutu, tulo n'kudzabwera nthawi yodzuka itakwana.

Zonsezi ndinazipatsa dzina labwino, ndinkati ndikuwerenga. Pa holide mayi ankaona kuwala pansi pa chitseko changa, n'kumakauza anzawo kutchalitchi kuti, "Lusiya wanga sagona, ndi mabuku okhaokha." Ine ndinkamva, osawakonza.

Mnzanga wa m'chipinda anali Hawa, mtsikana wachisilamu wa ku Boma. Iye ankagona msanga chifukwa ankadzuka m'bandakucha kuti aswali. Akamadzuka ankandipeza ndikungomaliza kumene.

"Iwe Lusiya, kodi ndiwe mlonda wa hositelo ino?" ankatero. "Bwanji osakupatsa tochi ndi chibonga?"

Ndinkamuyankha kuti anthu anzeru safuna tulo tambiri. Mayeso atatuluka, wanzerune ndinakhoza chokwawa, Hawa ali kumwamba.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Mutu kupweteka tsiku lililonse, ine mapiritsi ndi khofi. Kusinza m'kalasi, kusinza m'tchalitchi mpaka kugwetsa buku la nyimbo pakati pa ulaliki. Ukali wopanda chifukwa. Mphunzitsi afotokoza chinthu m'mawa, madzulo ndaiwala. Tsiku lina ndinakwera minibasi ku Limbe kuti nditsike pa Mbulumbuzi, ndinadzuka tadutsa kale Namadzi, kondakitala akundigwedeza. Nkhani imeneyi ndinkaifotokoza ngati nthabwala, anzanga n'kumaseka, inenso n'kumaseka.

M'chaka chachiwiri anatitumiza kukaphunzira ntchito pa chipatala china chaching'ono chakumudzi, dzina lake tilisiye. Mzamba wamkulu pamenepo anali a Sisita Chimenya, mayi wamfupi wa mawu ochepa. Tsiku loyamba anatiphunzitsa fitosikopu. Inu amene simunaigwire, ndi kachitsulo konga lipenga kamene timamvera nako mtima wa mwana ali m'mimba. Mbali yotambalala umaika pamimba pa mayi, mbali inayo umatsamiritsapo khutu.

"Dzanja lichoke," anatero a Sisita. "Ukaigwira ndi dzanja umamva phokoso la zala zako. Igwire ndi khutu, mutu wako ndiwo uzipanikiza. Maso pa wotchi, miniti yathunthu, ukuwerenga. Ukapanda kumva bwino, usanamizire, undiitane."

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kwakuti malata amachita kuthetheka. Usiku wapitawo ndinali nditachezera pafoni monga mwa masiku onse. Ndipo mudziwe vidiyo imene ndinkadikira kuti ilowe: inali ya mmene tingathandizire mwana wobadwa osapuma. Inalowa, koma sindinaitsegule.

Masana kunabwera mtsikana wina pa njinga, dzina lake Felesiya, mimba yoyamba, matenda atayamba kale. Anamuperekeza mayi ake, mzimayi wamtali wa mawu okwera, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. A Sisita anamuyeza, anamvera mwana, zonse zinali bwino. Posakhalitsa anawaitana m'chipinda china, kumene mayi wina wochira kumene anayamba kutaya magazi. Potuluka anandiuza kuti, "Lusiya, uzimumvera mwanayu pafupipafupi monga ndinakuphunzitsira. Chikasintha chilichonse, ufuule."

Ndinavomera.

Nthawi yomvera itakwana, ndinafufuza pamene panali msana wa mwana, n'kuika fitosikopu. Ndinawerama, ndinatsamiritsa khutu, ndinachotsa dzanja, zonse monga mwa malangizo. Kamtima kaja ndinakamva patali, kakugunda mwakachetechete. Ndinayang'ana pa wotchi kuti ndiyambe kuwerenga, koma manambala anayamba kusakanikirana. M'chipindamo munali motentha, mphepo osalowa. Ndinadziuza kuti nditseke maso pang'ono pokha kuti ndimve bwino. Kwa miyezi yambiri mutu wanga unali kufunafuna potsamira, ndipo unapapeza pamenepo.

Sindikudziwa kuti ndinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandibweza ndi dzanja lolimba paphewa panga.

"Anesi, dzukani. Mwagona pamimba pa mwana wanga?"

Anali mayi ake a Felesiya. Felesiya nayenso anali kubuula kuti chitsulo chikumupweteka, ndipo nditachichotsa chinasiya chidindo chozungulira pakhungu pake. Pakona pa mlomo wanga panali malovu.

Tamverani bwino apa, chifukwa anthu akamanena nkhani yanga amaimira pa kugonapo, n'kuseka. Kugona kunali kulakwa, inde. Koma chimene chinatsala pang'ono kupha mwana ndi chimene ndinachita nditadzuka. Manyazi anandigwira, yunifolomu yoyera ili pathupi, mayi wogulitsa tomato akundiyang'ana. Ndinapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Ayi mayi, sindinagone. Timatseka maso dala kuti timve bwino. Mwana ali bwinobwino."

Ndinali ndisanawerenge ngakhale kugunda kumodzi.

Mayi aja anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Maso amenewo ndi amene anandithamangitsa. Ndinaopa kuikanso khutu pamimba paja iwo akuona, kuti mwina ndisinzanso. Ndinatuluka kukasamba kumaso pa mpopi. Ndinabwerera n'kuyamba kulongedza thonje, kupukuta tebulo loyera kale, kusuntha mabeseni, chilichonse chondiika kutali ndi bedi lija. Mumtima ndinkati a Sisita amumvera kale, anali bwino, angasinthe bwanji msanga chonchi. Linatha ola, mwina kupitirira.

A Sisita atabwera anasamba m'manja, anatenga fitosikopu n'kuwerama. Ndinkawayang'ana milomo ikuwerenga, ndipo inkayenda pang'onopang'ono kwambiri. Anasuntha chitsulo, anamveranso. Anayang'ana pachitenje chimene Felesiya anagonera, madzi anali atatuluka, obiriwira. Mwana anali atatopa m'mimba, mtima ukutsika.

"Unamumvera liti komaliza?" anandifunsa.

Ndisanatsegule pakamwa, mayi aja anayankha. "Amenewa anagona, a Sisita. Ndinachita kuwadzutsa ndine. Chidzukire sanamugwirenso."

A Sisita sanandikalipire, analibe nthawi. Anangoti, "Imbira ambulansi." Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa foni ija, ya nandolo wa bambo ija, imene ndinkagona nayo, kudya nayo, kupita nayo ngakhale kubafa. Inali yozima, batire linathera usiku. A Sisita anachita kundiponyera yawo, dzanja lina akumutembenuza Felesiya kuti agonere kumanzere.

Anapita naye ku Boma ndipo anamuchita opaleshoni. M'mawa mwake a Sisita anandiitana. Anati wabadwa mwana wamkazi, koma sanalire. Anamupopa mpweya nthawi yaitali asanapume yekha, kenako anayamba kukomoka, ndipo amugoneka ku chipinda cha makanda odwala.

"Ali moyo," anatero. "Koma wekha ukudziwa za mwana wochedwa kulira. Kaya adzakhala tsonga, kaya adzayenda, kaya adzalankhula, tidzaona m'tsogolo." Kenako anati, "Kutopa ndimakudziwa, Lusiya, inenso ndimatopa. Ukanabwera n'kunena kuti Sisita ndasinza, bwerani mumumve, bwenzi nkhani itathera pompo. Koma unauza mayi kuti mwana ali bwino usanamumve. Munthu wotero sindingamusiyire mimba."

Ndinalira mpaka mawu kutha, koma kulira kwanga sikunali mankhwala a mwana. A Sisita anafotokoza zonse kuno ku koleji, monga ankayenera kuchitira. Akuluakulu a koleji anandiimitsa, n'kundiuza kuti ndidzabwereze chaka.

Kunyumba ndinanena zoona. Bambo anangotuluka n'kukakhala pakhonde. Mayi anandifunsa funso limodzi lokha: "Nanga kuwala kuja pansi pa chitseko kunali kwa chiyani?" Ndinawauza kuti sikunali kwa mabuku. Sabata imeneyo sanapite ku msonkhano wa amayi, ndipo ndinadziwa chifukwa chake.

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, poti ndi zimene mwadzera. Ndinapereka foni kwa bambo, anaitsekera m'bokosi lawo losungira mbewu. Musaganize kuti tulo tinabwera tsiku lomwelo. Ndinkagona chagada maso ali gwa, dzanja likufufuza lokha pansi pa pilo. Ndikati ndisinze, ndinkamva kamtima kaja kakugunda m'khutu langa lakumanja, kakucheperachepera. Tsiku lina ndinafika poba kafoni ka mabatani ka mayi kuti ndizisewera kamasewera ka njoka kaja. Mtsikana wamkulu, wa ku koleji, kuthamangitsa kanjoka m'bulangete. Mayi anandigwira, ndipo m'mawa mwake anandipatsa khasu.

Khasu limenelo linandithandiza kuposa mapiritsi onse amene ndinamwa. Mvula inali itayamba, ntchito ili yambiri. Kaya ndagona kaya sindinagone, ankandidzutsa nthawi imodzimodzi kupita kumunda. Masana sankandilola kugona. Khofi ndinasiya. Pang'ono ndi pang'ono thupi linakumbuka kuti mdima ndi wogonera. Tsiku limene ndinadzuka mutu uli wopepuka, ndinadabwa, ndinali nditaiwala kuti anthu amadzuka chonchi. Ndinatenga buku la uzamba, ndinawerenga tsamba limodzi, madzulo ndikulikumbukirabe. Kwa chaka ndi theka ndinkadziyesa mbuli, pamene ndinali munthu watulo chabe.

Pobwerera ku koleji foni ndinaitenga, chifukwa maphunziro ali momwemo. Sindikuuzani kuti mukataye mafoni m'chimbudzi, limenelo lingakhale bodza. Ndinapita kwa Hawa, amene tsopano anali chaka chimodzi patsogolo panga, n'kumupempha kuti tikhalenso chipinda chimodzi, ndipo azindisungira foni.

"Ukadzandidzutsa pakati pa usiku kuti ndikupatse, ndidzakuthira madzi," anatero.

"Udzandithire," ndinamuyankha. Anandithiradi kamodzi.

Tikamaliza kuwerenga madzulo, foni inkalowa mu sutikesi ya Hawa, loko kwe, kiyi pansi pa pilo wake. Ndinagula kawotchi ka belu pamsika, kuti ndisamanamizire zoti foni ndi yondidzutsa. Ndipo tinatulukira chinthu chimene ndikanachiona kalekale ndikanakhala ndi maso: bandulo ya usiku ija imafika mpaka m'bandakucha. Hawa akadzuka kuti aswali ankanditsegulira sutikesi. Nthawi imeneyo akadzidzi onse a pa hositelo amakhala atagona, netiweki ili yokha, vidiyo yochedwa usiku wonse ija imalowa usanamalize kutsuka m'kamwa. Kuionera ndinkaonera masana, nditakhala pampando, cholembera chili m'manja. Pabedi foni sikwera, limeneli ndi lamulo langa mpaka lero. Timavidiyo toseketsa tija ndinachotsa, ndipo magulu ocheza ndinatulukamo, anthu n'kumati ndayamba kunyada. M'kalasi tinagwirizana kuti azilowetsa vidiyo ndi munthu mmodzi, mosinthanasinthana, enafe n'kumagawana m'mawa. Ndikakhala pa ntchito ya usiku, masana ndimatchinga zenera ndi chitenje, foni n'kuzimitsa, aliyense wondifuna adikire.

Koma lamulo lalikulu ndi la m'wodi. Ndikatopa ndimanena mokweza kuti ndatopa, wina amve. Ndipo nambala imene sindinawerenge, pakamwa panga situluka.

Zonsezi ndinkachita, koma funso limodzi linkandidya: mwana uja akuyenda? Ndinangomva kuti anatuluka m'chipatala, basi. Nthawi yopitanso kukaphunzira ntchito itakwana, ndinapempha ndekha kuti andibwezere komwe kuja. A Sisita Chimenya atandiona anangoti, "Wabweranso." Anandipatsa fitosikopu. Mayi aliyense amene ndinkamumvera, iwo ankamumveranso pambuyo panga, pamaso pa odwala, osandibisira. Zinkandiwawa, koma ndinkaimirira pomwepo. Patapita masabata, tsiku lina ndinanena nambala, iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza zimene ankachita.

Tsiku la sikelo lililonse ndinkayang'ana pamzere wa amayi. Ndiye tsiku lina ndikupachika kamwana pa sikelo pansi pa mtengo, ndinamva mawu okwera aja kumbuyo kwanga.

"Dzukani."

Ndinayesa akunena ine. Nditacheuka ndinaona mayi amtali aja, koma sankayang'ana ine. Ankayang'ana kamtsikana kovala diresi lachikasu kamene kanakhala pafumbi. "Dzukani, tabwera kuno," anatero. Kamwana kaja kanagwira pansi, kanaimirira, kanayamba kuyenda modzandira kupita kwa agogo ake.

Pamenepo ndi pamene anandiona. "Ndinu aja, eti?"

"Ndine, mayi."

"Mwana wa Felesiya uja ndi ameneyu. Dzina ndinatcha ndine. Bambo ake ankafuna lachizungu, ine ndinati ayi, ameneyu dzina anabwera nalo yekha tsiku lomwe lija."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, yunifolomu ili pathupi, amayi onse a pamzere akuona. Ndinati, "Mayi, tsiku lija ndinakunamizani. Ndinagonadi, ndipo mwanayu sindinamumve. Mundikhululukire."

"Ndinadziwa," anatero. "Mukuyesa munthu wogona sindimudziwa? Dzukani apo, mukudetsa malaya."

Kamwana kaja kanafika pamene ndinagwada, kanaona fitosikopu itatulukira m'thumba langa, kanaikoka ndi dzanja lamanja. Dzanja lamanzere linali lofumbata, kalipinda pachifuwa. Felesiya, amene anaima kumbuyo kwa mayi ake, anaona pamene ndinkayang'ana. Anati amapita naye ku Boma kukawongola dzanjalo, ndipo akuti mwina lidzatambasuka, mwina ayi. Pambuyo pake a Sisita anandiuza kuti palibe angatsimikize kuti ola langa lija ndi limene linapinda dzanjalo, mwina zikanachitikabe. Ndinawathokoza, koma mawu amenewo sindiwagonera.

Felesiya anali ndi pathupi pena, ndipo tsikulo anadzeranso sikelo ya amayi oyembekezera. Nditati ndikaitane a Sisita kuti amuyeze, mayi ake anandigwira mkono.

"Ayi, mumumvere ndinu. Ine ndiima apa, ndizikuyang'anani m'maso."

Anaimadi pomwepo, Dzukani ali kumsana. Ndinaika chitsulo, ndinatsamiritsa khutu, ndinachotsa dzanja. Kamtima kanali kugunda mwamphamvu, mothamanga bwino. Misozi inkatsikira m'mbali mwa mphuno, koma maso sindinawachotse pa wotchi mpaka miniti inatha. Ndinawauza nambala imene ndinawerenga.

"Apa ndiye mwamumva," anatero mayi aja, n'kumanga bwino chitenje.

Hawa anamaliza, akugwira ntchito kwina, koma sutikesi anandisiyira, ndipo ili ndi malo ambiri. Chipinda changa ndi chakumapeto, pafupi ndi mpopi. Amene akudziwa kuti payekha sangathe, abweretse foni yake madzulo, adzaitenge m'bandakucha, sindimufunsa mafunso. Wogogoda pakati pa usiku adziwe kuti ndowa ya madzi ndinasiyiridwanso.

Pamudzi wina m'boma lomwe lino pali mwana amene adzaitanidwa ndi dzina lochokera ku tulo tanga moyo wake wonse, ndipo dzanja lake silinatambasukebe. Usiku uno bandulo ija ikamayamba, ine ndikhala nditagona. Mawa ndili ndi mimba zoti ndikamvere.